Chiwaya cha ku Joni

Yesaya Kamtedza anatsika sitima pa Chipoka mu Juni 1973, atagwira ntchito zaka ziwiri ku Joni. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, mabulangete awiri, wayilesi, ndi kanthu kena kokulungidwa m'thawulo kamene sanalole munthu aliyense kumunyamulira. Mkazi wake Salome anali pa siteshoni pomwepo, chifukwa ntchito yake inali yogulitsa nsomba zokazinga kwa anthu a m'sitima. Anagwada n'kumulonjera mwamuna wake, kenako anadzuka kukamaliza malonda m'mawindo sitima isananyamuke.

Atafika kunyumba, Yesaya anamasula thawulo lija. Munali chiwaya. Salome anali nacho kale chiwaya chake, chakuda bii, chimene mmisiri wina anachidula kumgolo, ndipo munkalowa nsomba khumi nthawi imodzi. Cha ku Jonichi chinali chocheperapo koma cholemera, choyera ndi chonyezimira, chokhala ndi chogwirira chachitali chokhomedwa ndi misomali itatu. Salome anasuzumiramo, anadziona nkhope, n'kukonza duku lake. Anafunsa ngati chinali chophikira kapena chokongoletsera m'nyumba. Yesaya anayankha kuti n'chophikira, ndipo chitsulo chake sichichita dzimbiri ngakhale chigone pamvula.

Akanatha kunena zambiri za chiwayacho, koma anasiyira pomwepo, ndipo chifukwa chake chinalipo.

Atangofika kumgodi, anthu atsopano onse anawalowetsa m'chipinda chotentha kwambiri n'kuwauza kuti azikwera ndi kutsika pa sitepe, pofuna kuona amene angapirire kutentha kwa pansi. Yesaya anakomoka tsiku loyamba. Lachiwiri anakomokanso. Tsiku lachitatu kapitawo anamutengera kukhitchini yophikira akuluakulu a mgodiwo, n'kumusiya m'manja mwa khukhi wina wachikulire wa Chishangani. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ankangotsuka mapoto. Pambuyo pake anamulola kukazinga mazira, kenako nyama, kenako nsomba, mpaka azungu ena anayamba kufunsa ngati lero wakazinga ndi Mnyasa uja. Pansi pa mgodi sanafikepo ngakhale tsiku limodzi.

Loweruka lomaliza asanabwerere kwawo, analowa m'masitolo anayi kufunafuna chiwaya chonga chimene anachizolowera kukhitchiniko. Chilichonse ankachigogoda ndi chala n'kuchiyesa kulemera kwake m'manja. Zopyapyala anazikana, chifukwa zimatentha pakati pokha, nsomba n'kupserera pamimba mchira usanapse. Ankachikhazika pa kauntala kuti aone ngati chikugwedera, ndipo chogwirira ankachipotoza uku ndi uku, mpaka mwini sitolo wina anamufunsa ngati wabwera kudzagula kapena kudzathyola.

Kumudzi sananame. Amuna anzake akamufunsa za pansi pa mgodi, ankangowerama n'kunena kuti nkhani imeneyo ndi yovuta kuikamba. Anthu anaganiza kuti anaona zoopsa, ndipo anasiya kumufunsa. Kutchalitchi mkulu wa mpingo anathokoza Mulungu chifukwa chomutulutsa Yesaya m'mimba mwa nthaka ali wamoyo, ndipo Yesaya anavomera limodzi ndi anzake kuti ameni.

Lamlungu lotsatira Salome anaganiza zoyesa chiwaya chatsopanocho. Anathira mafuta chikadali chozizira, anaikamo nsomba ziwiri za chambo zongotsuka kumene, madzi akuchucha, n'kuchiteleka pamoto wa nkhuni wolilima. Atati atembenuze, nsombazo zinakana. Anazikanganula ndi mpeni. Khungu lonse linatsalira pachiwaya, ndipo zimene zinafika m'mbale zinkaoneka ngati zapondedwa ndi njinga. Salome anachinyamula chikadali chotentha, anakachiviika m'nyanja, n'kuyamba kuchikwecha ndi mchenga.

Nyumba yawo inali pafupi ndi madzi, moti Yesaya ali pakhonde ankamva mchengawo ukulira pachitsulo. Anakweza wayilesi. Ankamvabe. Anadzuka n'kupita kukayang'ana mbuzi za eni ake.

Masiku otsatira anayesa kuthandiza mozungulira. Tsiku lina akudya, ananena kuti anamva anthu ena akukamba kuti ziwaya zoterezi zimafuna ziyambe zatentha mafuta asanathiridwe. Salome anamuyang'ana.

"Munazimva kuti zimenezo, bambo a Edina? Pansi pa mgodi?"

"M'sitima," anatero Yesaya.

Salome anayesanso kawiri, ndipo zinachitika zomwezo. Anauza amayi anzake pa siteshoni kuti amuna ake anawapusitsa ku Joni, anawagulitsa galasi lokhala ndi mpini. Apa n'kuti chiwayacho chitadzaza mabanga akuda ndi zokandikakandika. Anachiika kuseri kwa nyumba kuti abakha azimweramo madzi.

Yesaya anapirira masiku asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse popita kukasamba ankapeza abakha atachizungulira, wina ataimamo ndi miyendo yonse iwiri.

Lachitatu lililonse amayi onse a m'deralo ankapita pabwalo la sukulu kukayeserera nyimbo ndi magule a chipani, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo panalibe wojomba. Mwana wawo Edina ankakhalanso ali m'kalasi. Pa Lachitatu loterolo, Yesaya anathamangitsa abakha, anataya madzi awo, n'kulowa nacho chiwayacho m'khitchini. Anawiritsamo madzi othira soda pang'ono, anachisiya kuti chizizire chokha, n'kuchipukuta ndi chinkhupule pang'onopang'ono. Mabanga otsala anawapaka madzi a mandimu a pamtengo wa kuseri. Chinayera. Zokandika za mchenga zija sizinachoke. Anaziyendetsa chala.

Kenako anaona kuti chiwaya choyera chotere sichingabwererenso kwa abakha chisanagwire ntchito yake ngakhale kamodzi. Anatsikira kudooko n'kubwera ndi chambo chimodzi. Anachipala mamba, anachicheka mizere itatu mbali iliyonse, anachipukuta ndi nsalu mpaka chitauma, n'kuchiwaza mchere. Moto anaudikira kuti malawi athe, patsale makala. Chiwaya anachiteleka chopanda kanthu. Patapita nthawi anaviika chala m'madzi n'kudonthezamo dontho limodzi. Linangoti tswee n'kuphwa, ndipo anadikiranso. Dontho lachiwiri silinaphwe. Linakhala lozungulira ngati mkanda n'kumayendayenda pachitsulopo. Pamenepo anathira mafuta, kenako anagoneka nsomba ija n'kupinda manja.

Ali chipindire manja choncho, pakhomo la khitchini panaima Twaibu, msodzi amene ankagulitsa nsomba kwa Salome. Anadzera kuseri kudzafunsa dengu lake. Mwamuna kukhala pamoto sizinamudabwitse, popeza asodzi amaotcha okha nsomba kudooko. Chinamudabwitsa n'chakuti munthuyo sankaikhudza nsombayo. Anamuchenjeza kuti ipserera. Yesaya anayankha kuti nsomba ikapsa imadzimasula yokha, ndipo kuikoka nthawi isanakwane ndiye kuing'amba. Atati aitembenuze, inatembenuka yonse, khungu lili lofiirira, osatsalira ngakhale kachidutswa.

Twaibu anafunsa kaye ngati chiwayacho chinakhudzapo nyama ya nkhumba. Atamva kuti chakhudzapo abakha okha, anasamba m'manja, anatchula dzina la Mulungu, n'kukhala pansi. Atamaliza kudya anatsamira khoma n'kunena kuti wakhala akudya chambo kuyambira ali mwana, koma lero ndiye wachidziwa. Anafunsa kumene Yesaya anaphunzira zimenezi. Yesaya anawerama n'kunena kuti nkhani imeneyo ndi yovuta kuikamba. Twaibu anagwedeza mutu momvera chisoni.

Lachitatu lotsatira Twaibu anabweranso, ali ndi nsomba zitatu ndi mnzake Idi, telala wa pakhonde la sitolo ya kufupi ndi siteshoni. Zinapitirira choncho masabata asanu ndi limodzi. Twaibu ankabweretsa nsomba, Idi ankabweretsa anyezi ndi tsabola, ndipo mafuta ankachokera m'botolo la Salome. Akatha kudya, Yesaya sankalola munthu kuchithira madzi ozizira chikadali chotentha, ati chimapindika pansi. Ankachidikira, n'kuchitsuka yekha, n'kuchipukuta nthawi yomweyo kuti madzi asasiye madontho. Kuchibwezera kwa abakha kunamukanika. Anakhoma msomali m'khitchini n'kuchipachika, ndipo abakha anawapatsa phale.

Salome anaona zonsezi. Anaona mafuta akutsika m'botolo tsiku limene iye sanakazinge. Anaona makoko a mandimu kudzala, ndi minga ya chambo yoseteka bwino. Anaona kuti Lachitatu madzulo mwamuna wake ankangotsina nsima kawiri n'kusamba m'manja. Koma chimene chinamusowetsa mtendere chinali chiwayacho. Chinkawala kuposa tsiku limene chinabwera. Salome ankadziwa kutsuka kwa amuna, ndipo uku sikunali kutsuka kwa mwamuna. Atamufunsa Yesaya kuti wachipachika ndani, iye anati ndi iyeyo, anangochitsukuluza pang'ono.

Anakadandaula kwa Hajara, mkazi wa Twaibu, amene ankakazinga naye limodzi pa siteshoni. Hajara anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati naye mwamuna wake wasiya kudya Lachitatu, ndipo malaya ake amanunkhira anyezi. Amayi awiriwo anaganiza mozama n'kupeza kuti pali mkazi mmodzi amene akuphikira amuna awiri, m'khitchini ya Salome, ndi mafuta a Salome. Hajara anati mkazi woteroyo ndi wolimba mtima. Salome anati ndi waukhondonso, ndipo zimenezo ndi zimene zinkamuwawa kwambiri.

Tsiku lomwelo Salome analemba kalata kwa malume ake a Jameson a ku Khombedza, amene anali nkhoswe ya ukwati wawo, kuwapempha kuti abwere msanga. Anaipereka kwa munthu wa m'sitima ya ku Salima.

Lachitatu litakwana, Salome anavina nawo mpaka dzuwa litafika pamutu, kenako anakagwada kwa mayi wapampando n'kunena kuti m'mimba mwamupotokola. Hajara anapempha kuti amuperekeze. Anadzera njira ya m'munda wa chinangwa kuti atulukire kuseri kwa nyumba. M'njiramo Salome anathyola ndodo. Hajara anathyola yake yaifupi, ati iye ndi mlendo chabe.

Pakhomo la khitchini anaima. M'katimo munali amuna atatu. Twaibu anali atanyamula mbale ya nsomba zopukuta kale. Idi ankadula mandimu. Yesaya anali atamanga chitenje chakale cha Salome m'chiuno kuti mafuta asamuthimbirizire buluku. Onse atatu anali atawerama, akuyang'ana dontho la madzi likuzungulira m'chiwaya.

"Ali kuti?" anafunsa Salome.

Yesaya anadzutsa mutu. "Ndani, mayi a Edina?"

"Amene amakuphikirani."

Yesaya anayang'ana mkazi wake, anayang'ana ndodo, kenako anayang'ana chiwaya. Ankadziwa kuti akachedwa chitentha mopitirira ndipo mafuta afuka.

"Tadikirani kaye pang'ono. Chiwaya chakwana."

Anathira mafuta n'kugoneka nsomba ziwiri. Salome anadikira, chifukwa nsomba ili pamoto anali kuilemekeza. Kawiri konse dzanja la Salome linafuna kutenga mpeni kuti atembenuze, ndipo kawiri konse Yesaya anapukusa mutu. Atatembenuza yekha, nsombazo zinanyamuka zathunthu. Salome anatsamiritsa ndodo yake kukhoma.

Yesaya anaika nsombazo m'mbale, anaphula chiwaya n'kuchikhazika pambali, kenako analankhula akuyang'ana makala.

"Ine ku Joni ndinali khukhi. Pansi sindinatsikeko. Anatiyesa m'chipinda chotentha, ine ndinakomoka. Kawiri."

Idi ananena kuti akuganiza kuti wasiya simbi pamakala kuntchito, koma sanadzuke.

"Zaka ziwiri zonse?" anafunsa Salome.

"Chaka ndi theka. Miyezi yoyambayo ndinkangotsuka."

"Ndiye ine ndikukwecha ndi mchenga kunyanja kuja, inu munali pakhonde mukudziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Osanena kanthu?"

"Ndinakweza wayilesi."

Salome anakhala pa mtondo wogona umene unali pakhomopo. Mtima unatsika kuti panalibe mkazi, komabe unadzaza ndi mkwiyo wina, wa munthu amene wakhala akuuza siteshoni yonse kuti chiwaya n'chachabe pamene vuto linali dzanja lake. Anasamba m'manja n'kunyema nsomba imodzi chakumchira. Anatafuna nthawi yaitali. Anati mchere wachepa. Kenako ananyemanso, ndipo mbaleyo sanaibweze kwa amuna aja. Anadya awiri ndi Hajara mpaka kutsala mitu. Hajara atamaliza anauza Twaibu kuti nsima zisanu ndi imodzi zimene wakhala akuzisiya akakambirana kunyumba, ndipo anatsogozana.

Alendo atapita, Salome anamuuza mwamuna wake za kalata ija. Yesaya anafunsa ngati pali njira yoibwezera. Salome anati inapita Lachisanu lapitalo.

A Jameson anafika Loweruka. Anakwera basi kuchokera ku Khombedza mpaka ku Salima, kenako sitima mpaka pa Chipoka, atavala jekete yakuda imene ankavala pa maliro ndi pa milandu. Asanafike pakhomo anadzera kwa mkulu wake wa Yesaya n'kubwera naye, kuti mbali zonse ziwiri zikhalepo. Anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango. Salome anagwada n'kuwauza kuti nkhani ija inatha. A Jameson anati iwo sanakwere basi ndi sitima kudzamva kuti nkhani inatha. Anatulutsa kalata m'thumba, anavala magalasi, n'kuwerenga mokweza zonse zimene zinalembedwa, za mafuta, za mandimu, za minga, ndi za chiwaya chowala. Atamaliza anavula magalasi n'kufunsa ngati mkaziyo anadziwika.

"Tinamupeza, malume," anatero Salome. "Ndi awa akhala apawa."

Yesaya anafotokoza zonse, kuyambira pa sitepe ya m'chipinda chotentha mpaka pa abakha. Mkulu wake anamvetsera atagwira chibwano. A Jameson anati akhala nkhoswe ya maukwati anayi, ndipo amuna ogwidwa amanena zambiri, koma yakuti mkaziyo ndine ndemwe anali asanaimvepo. Anati sangalandire mawu okha, akufuna kuona ndi maso.

Choncho Yesaya anakoleza makala pa mbaula panja pomwepo, pamaso pa ankhoswe ndi anthu ena apafupi amene anali atayamba kudutsadutsa ngati ali ndi kopita. Anachita zonse monga mwa nthawi zonse. A Jameson anadzuka pampando kuti alione bwino dontho lija, ndipo anapempha kuti adonthezenso lina. Nsomba itapsa anaidya mosafulumira, akuchotsa minga imodziimodzi n'kumaiika pa tsamba. Kenako anati pa mlandu waukulu chonchi umboni umodzi sukwanira, ndipo Yesaya anakazinga ina.

Atasamba m'manja anagamula. Anati mlandu wa mkazi palibe. Yesaya azifuna mafuta akeake, asamakhudze botolo la malonda. Salome asadzayandikizenso mchenga pa chiwayacho. Za kubisa zija, anati mwamuna akakomoka kuntchito ayenera kuuza mkazi wake, ngakhale m'kalata.

Mkulu wake wa Yesaya, amene anali asanalankhule chifikireni, anati pali nkhani inanso. Mpingo wonse unathokoza Mulungu chifukwa chotulutsa munthu m'dzenje limene sanalowemo, ndipo iye anaperekapo nkhuku ya chithokozo. Anafunsa kuti pempherolo litani. A Jameson anati Mulungu ankadziwa kumene Yesaya anali, ndipo ayenera kuti pempherolo analikonza yekha polilandira. Anagona tsiku limodzi n'kubwerera Lamlungu, atanena kuti adzabweranso mwezi wamawa kudzaona ngati banjalo likuyenda bwino.

Pofika Lolemba Chipoka yonse inali itamva. Amuna a kudooko anamupatsa Yesaya dzina lakuti Khukhi, ndipo kwa mwezi wathunthu akadutsa ena ankadzigwetsa pamchenga ngati akomoka. Iye ankangowalonjera n'kupitirira. Mkulu wina amene anatsikadi pansi pa mgodi zaka zambiri, amene tsopano ankangokhalira kutsokomola, anamuitana tsiku lina. Yesaya anapita akuyembekeza kukalipiridwa. Mkuluyo anangomuuza kuti iye anayesetsa kukomoka m'chipinda chomwecho koma zinamukanika, ndipo anapempha kuti amukazingire kampango.

Salome anaphunzira kachitidwe konse m'masiku awiri, ndipo nsomba yake inkatuluka bwino ngati ya mwamuna wake. Komabe anabwerera ku chiwaya chake chakuda. Anati sitima imaima nthawi yochepa, ndipo munthu wa malonda sangamadikire dontho la madzi kuti livine.

Mvula itayamba, Yesaya anayamba kumaperekeza mkazi wake ku siteshoni atanyamula mbaula yakeyake. Ankakhala moyandikana pansi pa mtengo wa kumapeto kwa pulatifomu. Salome ankakazinga khumi khumi n'kumathamanga nazo m'mawindo. Yesaya ankakazinga ziwiri ziwiri, za mkulu wa siteshoni ndi za anthu ochepa amene ankazifunsa ndi dzina, ndipo sankaphula nsomba isanadzimasule yokha, ngakhale mluzu ulire. Nsomba zimene sitima yazisiya ankadya okha awiri atakhala pa benchi, njanji zili zii, ndipo masiku ambiri sitima inkazisiya.